Chaka Chimene a Mavu Anasiya Kukuwa

Ofesi yathu imapereka ziphaso. Ukafuna kumanga kanyumba kuseri kwa nyumba yako, kukhoma chikwangwani pamwamba pa shopu, kapena kudula mtengo umene ukuopseza denga, umayenera kubwera kwathu. Sindikunena kuti ukabwera umalandira chiphasocho. Ndikungonena kuti umayenera kubwera. Ukalowa umapeza holo yaitali ya mabenchi, ndipo kumapeto kwa holoyo kuli windo lagalasi lokhala ndi kabowo kolankhulira. Kuseri kwa windolo kuli kolido ya zitseko, ndipo kuseri kwa zitsekozo kuli ife, anthu ophunzira, amene ntchito yathu imafuna bata.

Amene ankatisungira batalo anali a Mavu.

Dzina lawo lenileni linalipo, ndipo ndikhulupirira kuti akazi awo ankalidziwa, koma mu ofesi munalibe amene ankalitchula. Anabwera ali wachinyamata, ngati mesenjala wokwera njinga ya ofesi. Tsiku lina kalaliki wa pawindo atadwala, anawakhazika pamenepo kuti angogwirizira, ndipo dzuwa lisanafike pamutu holo yonse inali itayera, mabenchi okhaokha. Bwana wa nthawi imeneyo anali ndi diso lozindikira luso. Sanawabwezerenso panjinga.

Luso lawolo ambiri sankalimvetsa. A Mavu sankatukwana. Kutukwana n'kwa anthu osadziwa ntchito, chifukwa munthu ukamutukwana wamupatsa podandaulira. Iwo ankangodula mawu. Munthu akangoti, “Bwana, ndabwera pa nkhani ya,” iwo anali atafunsa kale kuti wamuuza ndani kuti aime pamenepo. Akayamba kuyankha, ankamufunsa ngati kwawo anthu amayankha funso lisanathe. Kenako mtsempha wa pakhosi pawo, chakumanzere, pamwamba pa kolala, unkadzuka n'kuyamba kugunda, ndipo mawu ankakwera mpaka galasi lija kunjenjemera. Ofooka ankabwerera atangoona mtsemphawo. Olimba mtima ankabweranso mawa lake, n'kubweranso mkuja, ndipo amene wapirira mpaka a Mavu kutopa naye ndiye ankaloledwa kulowa mu kolido. Motero kwa ife kunkafika anthu ochepa, osankhika, ofewa kale ngati chikopa chofufuta.

Kunyumba kwawo nakonso zinthu zinali ndi dongosolo. Akazi awo ankasoka makatani ndi nsalu zokutira mipando, mashini awo ali pafupi ndi windo la pabalaza, ndipo ankadziwa mmene tsiku layendera pomvera geti. Geti likalira kamodzi mwamphamvu, ndiye kuti kuntchito kunali bwino. Likalira, n'kubwerera, n'kuliranso, ana ankazimitsa wailesi. A Mavu sanamenyepo munthu. Anawo anakula, anachoka, ndipo onse anakwatirana ndi anthu olankhula motsitsa.

Chaka chimene ndikunenachi, diso lawo lamanja linayamba kuona ngati katani yakuda ikutsika kuchokera pakona. Madokotala anati kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso kamatuka. Anawachita opaleshoni, n'kuwalamula kuti agone chafufumimba kwa masabata angapo, nkhope pansi, osatembenuka, kuti kansaluko kamatirire pamalo pake. Bedi lake linali ndi bowo loikapo nkhope. Zimene ankaona zinali simenti ya pansi ndi mapazi a anamwino basi. Kukuwa uli chafufumimba n'kovuta. Anayesa ndithu, koma mawu ankangogwera pansi pa bedi.

Pa bedi loyandikana nalo panagona mkulu wina wokonza mawotchi, wodwala nthenda yomweyo. Awiriwa sanaonane nkhope mpaka lero. A Mavu amangodziwa masilipasi ake. Mkuluyo atatopa ndi kung'ung'udza kwa mnzake anati, “Achimwene, pansipo palibe chatsopano chimene chitulukepo. Tayang'anirani mpweya wanu pamene ukulowa ndi kutuluka pamphunopo. Maganizo akathawa musawakalipire, mungowabweza. Akathawanso, muwabwezenso.”

A Mavu anamufunsa kuti wamuuza ndani kuti alankhule. Koma masana amatalika kwa munthu woyang'ana simenti, ndipo pamapeto pake anayesa, mwina pofuna kudzamuuza mkuluyo motsimikiza kuti ndi zopusa.

Nthawi yonseyi ife tinali pamavuto. Pawindo anaikapo mayi wotayipa makalata, munthu wamtima wabwino, amene ankalowetsa aliyense n'kumupepesa pamwamba. Mu kolido munkadzaza. Sunkatha kumwa tiyi popanda mlendo kukuwerengera makapu ndi maso. Bwana wamkulu anayamba kulowera khomo la kumbuyo ngati wobwereka. Choncho tsiku limene a Mavu anabwerera, atavala magalasi atsopano, tinawalandira ngati mvula yoyamba.

Woyamba pamzere m'mawa umenewo anali mayi wina wa saluni, wofuna kukhoma chikwangwani. Anali atabwerapo kale, moti atanena kuti, “Bwana, ndabwera pa nkhani ya,” anaima yekha, podziwa kuti apa ndi pamene munthu amadulidwa. A Mavu anangomuyang'ana. Mayiyo anadikira. Iwonso anadikira. Kenako anati, “Pitirizani, mayi.”

Mayiyo anachita mantha moti anaiwala chimene anabwerera. Atakumbukira anafotokoza nkhani yonse, kuyambira kukula kwa chikwangwanicho mpaka nsanje ya mwini shopu yoyandikana naye, ndipo a Mavu anamvetsera mpaka kumapeto. Atatero anamuuza chitseko choyenera kugogoda, n'kuwonjezera kuti bwana wake alipo. Analipodi. Anali atavula nsapato, mapazi ali pa desiki.

Poyamba tinati ndi mankhwala a kuchipatala, atha mphamvu. Sabata inatha, ina inatha, mankhwalawo osatha. Pamwamba pa izi tinaona chinthu china. M'mawa uliwonse asanatsegule windo, ndiponso nthawi ya nkhomaliro, a Mavu ankalowa m'kachipinda ka pansi pa masitepe, kosungiramo mipando yothyoka ndi mafani akufa, n'kudzitsekera.

Nkhaniyi anaitenga ndi Wachiwiri kwa bwana, munthu wamfupi, wa nsapato zowala, amene anakwera maudindo chifukwa chosakhulupirira aliyense, kuyambira mayi ake omubala. Iye anati galu akasiya kuuwa usamati wakalamba, uzidziwa kuti pali amene akumudyetsa. Tinayamba ndi ziphuphu. Koma wolandira chiphuphu amalowetsa ena n'kubweza ena, apo ayi malonda ake atha, pamene a Mavu ankamvetsera aliyense, ngakhale ooneka kuti abwera wapansi. Tinapita ku mpingo. Koma munthu wolowa mpingo watsopano salephera kukuitanira, ndipo iwo sanaitanire munthu, sanaimbe, sanatchule za moto wosatha ngakhale kwa Wachiwiriyo, amene anali woyenera. Ganizo limene ambiri tinalikonda linali lakuti ku likulu anawagula ali m'chipatala, ndipo tsopano ndi kazitape wotumiza mbiri yathu kuchokera pansi pa masitepe. Tinalikonda chifukwa linkatikweza. Si ofesi iliyonse imene likulu limaitumizira kazitape.

Masana ena kunabwera mayi wina wojintcha, tepi yoyezera nsalu ili pakhosi, sizasi ikusuzumira m'chikwama. Sanapite pawindo. Anazungulira mpaka khomo la kumbuyo, n'kunena kuti akufuna wamkulu aliyense amene ali maso. Anali akazi a a Mavu. Anawatengera kwa Wachiwiri.

Dandaulo lawo linali lakuti geti lasiya kulira. Munthu akumalowa m'nyumba ngati mbala, umangozindikira waima kumbuyo kwako. Akumadya osanena za mchere. Mdzukulu anathyola mwendo wa magalasi atsopano aja, agogo ake n'kungowamanga ndi ulusi. Koma chimene chinawadzutsa pa mashini chinali cha dzulo lake. Bambowo anakhala pabalaza n'kumawayang'ana akudula nsalu, kenako ananena kuti sankadziwa kuti mkazi wawo amaluma lilime akamadula.

“Zaka zonsezi sanalionepo lilime langa, bwana,” anatero mayiwo. “Ndiye wawaphunzitsa ndani kuyang'ana mkazi? Ndabwera kuti ndimuone ameneyo.”

Wachiwiri anasangalala kupeza munthu woganiza ngati iye. Anawauza za kachipinda kaja, ndipo popeza inali nthawi ya nkhomaliro, anatsika limodzi, akuyenda monyang'ama. Chitseko chake chinali ndi mng'alu pafupi ndi loko. Anayamba kusuzumira Wachiwiri, kenako mayiwo, kenako Wachiwirinso.

A Mavu anali atakhala pa mpando umodzi wokha wa miyendo yokwanira, msana uli chilili, manja pamiyendo, maso otseka pang'ono, mipando yothyoka itawazungulira ngati msonkhano. Munalibe mkazi. Munalibe foni, botolo, buku, ngakhale chakudya. Ntchentche inatera pa dzanja lawo, inayendapo, inanyamuka yokha. Awiriwo anasinthana pamng'alupo mpaka msana wa Wachiwiri unayamba kuwawa.

“Akutani?” ananong'ona mayiwo.

“Palibe.”

“Palibe?”

“Zoopsa zake n'zimenezo, mayi.”

Ndipo ankanena zoona. Wantchito ukamupeza ndi botolo, malamulo a ntchito amakuuza chochita. Ukamupeza ndi mkazi, amakuuzanso. Ukamupeza akugona, pali ndime yake. Koma wantchito wopezeka ali maso, atakhala mowongoka, asakuchita kanthu, pa nthawi yake yopumulira, amene analemba malamulowo sanamuganizire. Ena tinayesa kunena kuti ambiri mu ofesimo sachita kanthu tsiku lonse, koma Wachiwiri anati zimenezo n'zosiyana: ife timakhala ndi pepala patsogolo.

Mawa lake Wachiwiri anaitanitsa a Mavu. A Mavu sanabise kanthu, ndipo zimenezi zinawonjezera kukayikirako. Anafotokoza za bedi la bowo ndi za mkulu wa mawotchi. Anati poyamba ankangoona kuti maganizo sakhazikika, amakankhana ngati anthu a pamzere, aliyense ndi nkhani yake, ndipo ukawasiya osawakalipira amanena zawo n'kuchoka. Kenako anayamba kuona mkwiyo. Anati moyo wawo wonse ankayesa kuti mkwiyo umagwa wonse nthawi imodzi ngati denga, koma si choncho. Umayamba ndi kutentha pamimba. Kenako nsagwada zimalimba. Kenako mawu amakwera. Ukamauyang'ana ukubwera, umafika pakhosi n'kuima, ngati munthu amene walowa m'chipinda n'kuiwala chimene walowera.

“Ndiye wokwiya uja ali kuti?” anafunsa Wachiwiri.

“Ndamufunafuna, bwana. Kutentha ndimakupeza, nsagwada ndimazipeza, mawu ndimawapeza. Mwiniwake sindikumupeza.”

Sananene izi mokondwa ngati munthu amene wachira. Ananena ngati mlonda wodzanena kuti makiyi asowa. Anawonjezera kuti nthawi zina zimawaopsa. M'mawa wina ali m'kachipindako anamva tsache la wosesa likudutsa panja, ndipo kwa kanthawi sanathe kusiyanitsa pamene phokoso la tsachelo likuthera ndi pamene iwo akuyambira. Panali kusesa kokha, popanda womvera. Anachita kugwira magalasi awo kuti atsimikize kuti pampandopo pali munthu.

Wachiwiri anatuluka m'chipindamo nkhope ikuwala kuposa nsapato. Anakauza bwana wamkulu kuti wantchito wavomera yekha, popanda womukakamiza, kuti munthu amene ofesi inamulemba ntchito sakupezeka. Nanga amene akukhala pawindoyo ndani? Ofesi yopereka ziphaso singakhazike pakhomo munthu amene iye mwini sangadzichitire umboni.

Anakhazikitsa komiti. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mu ofesi yathu susenzanso mlandu. Munali Wachiwiri mwiniwake, mayi woona za antchito, ndi bambo wina wa ku akaunti amene amapezeka mu komiti iliyonse chifukwa cha mabisiketi. Anagwirizana kuti Lolemba adzabisala kuseri kwa kabati ya pafupi ndi windo n'kumvetsera. Akadzapeza kuti si a Mavu omwe aja, adzawachotsa pawindo n'kuwatsitsira kuchipinda cha pansi, kosungira mafayilo akale, kumene kulibe windo ndipo alendo ake ndi njenjete. Anagwirizananso zoitana akazi awo ngati mboni, poti palibe wina amene anawadziwa nthawi yaitali. Chinsinsi cha komitiyi chinafika kwa a Mavu tsiku lomwelo, tiyi wa masana asanazizire.

Tinkaganiza kuti sizidzawakhudza. Munthu amene akuti sakudzipeza angakakamire bwanji mpando? Koma zinawakhudza kwambiri. Anauza mayi wotayipa uja kuti zaka zonse zimene anakhala pawindo sanaonepo nkhope ya munthu. Ankangoona pakamwa, n'kumadikira kuti patseguke kuti apatseke. Tsopano ndi pamene anayamba kuona kuti ena amabwera atachita kuchapa malaya chifukwa cha ulendowu, ena amaloweza mawu awo ali pa benchi milomo ikugwedera. “Ntchitoyi ndangoiyamba kumene,” anatero, “ndiye akundichotsa.”

Loweruka masana akazi awo anaimitsa mashini, n'kuwauza kuti akhale pansi. Anawafunsa mosazungulira ngati pali mkazi wina. Anati ayi. Ngati alowa mpingo wobisa. Anati ayi. Ngati madokotala anawauza za nthenda ina imene akuopa kuinena. Anatinso ayi. Yankho lililonse linkabwera mofatsa, ndipo kufatsako n'kumene kunkawonjezera nkhawa, chifukwa mwamuna amene mayiwo ankamudziwa, funso loyamba lokha likanagwetsa makatani onse a m'nyumbamo. Anafunsa za wokonza mawotchi uja, kuti ndi wooneka bwanji. A Mavu anati amangodziwa masilipasi ake. Mayiwo anati masilipasi alibe mwamuna kapena mkazi.

A Mavu anadzipereka kuti awaonetse mmene amachitira, si zovuta, ungoyang'anira mpweya. Mayiwo anati akhala akukoka mpweya chibadwire popanda mphunzitsi, ndipo sanaphonyepo. Kenako anafika pa nkhani imene inawakhazika pansi.

“Akakutsitsirani kwa njenjeteko mukhalako?”

“Sindingakhaleko nthawi yaitali.”

“Ndiye mudzasiya ntchito, muzidzakhala pano tsiku lonse n'kumandiyang'ana lilime. Ayi, bambo. Lolemba mupite mukakuwe.”

“Sindikwiyanso ngati kale, mayi.”

“Wanena zokwiya ndani? Ine ndati kukuwa. Inetu ndimasekerera makasitomala amene ndikufuna atapsa ndi makatani awo omwe, ndipo palibe anafapo.”

A Mavu anatseka maso pang'ono, ndipo mayiwo anawachenjeza kuti ngati ayamba zawo zija pabalaza pawo, atuluke. Koma iwo ankaganiza. Pomaliza anati mawu onse akuwakumbukira, ngati njira ya kumene unakulira. Chimene sankadziwa n'chakuti ukayendanso njira imeneyo umabwerako kapena ayi.

Lolemba komiti inalowa kuseri kwa kabati ndi mipando yake ndi mbale ya mabisiketi. Akazi a a Mavu anakhala pa benchi ya kutsogolo m'holo, chikwama pamiyendo. A Mavu anatuluka pansi pa masitepe, anakhala pampando, anakonza magalasi awo a ulusi, n'kutsegula windo.

Woyamba anali bambo wina wowonda, wa jekete yaikulu kumuposa, amene mtengo wa mnansi wake unkagwetsera nthambi padenga lake. Anali atamva mbiri yakuti pawindo pafewa, choncho anayandikira akumwetulira. “Bwana, ndabwera pa nkhani ya mtengo umene—”

“Wakuuzani ndani kuti muime pamenepo?”

Galasi linanjenjemera. Kuseri kwa kabati, bambo wa ku akaunti anasiya kutafuna.

Ine ndinawamvapo a Mavu akukuwa zaka zambiri, koma monga tsiku limenelo sindinawamvepo. A Mavu akale mkwiyo unkawasokoneza, ankabwereza funso limodzi kawiri, nthawi zina malovu ankawatsamwa. Awa sanataye liwu ngakhale limodzi. Ankadula pamalo oyenera penipeni, ngati akazi awo pa nsalu. Anafunsa bamboyo ngati windolo likuoneka ngati nkhalango. Anamufunsa ngati akuganiza kuti nkhani za mitengo zimathera pamzere, pamene mwana aliyense amadziwa kuti ndi chitseko chachitatu kumanzere. Anamufunsa ngati akuyesa kuti bwana wa mitengo amudikira mpaka dzuwa kulowa, ndiponso ngati kwawo anthu amapita kwa bwana osatenga chithunzi cha nthambizo, chimene akuchiona chikutuluka m'thumba la jeketeyo.

Bamboyo anathawa. Anathawira mu kolido, chitseko chachitatu kumanzere, chithunzi chili m'manja.

Komiti sinaone kumene wathawira, chifukwa inali kuseri kwa kabati. Mawu enieniwo sinawamvetserenso. Mu ofesi yathu palibe amene anamvetserapo zimene a Mavu amanena. Tinkangomvera kukwera kwake, monga munthu amamvera jenereta kuti adziwe kuti magetsi alipo. Anthu anapitiriza kubwera pawindo, kukuwidwa, n'kuthawa. Mayi woona za antchito anagwedeza mutu mokhutira. Bambo wa ku akaunti akuti anapukuta msozi.

Akazi a a Mavu sankamvetseranso mawu. Maso awo anali pamalo amodzi, chakumanzere kwa khosi, pamwamba pa kolala. Anayang'ana m'mawa wonse. Mtsempha uja unagona phee, ngati ulusi pansi pa nsalu yosita.

Nthawi ya nkhomaliro komiti inaitanira mayiwo m'chipinda cha Wachiwiri. A Mavu anaima pakona, manja kumbuyo. Wachiwiri anakumbutsa mayiwo kuti ndi iwo amene anabwera okha kudzadandaula, ndipo anaona ndi maso awo za pansi pa masitepe. Tsopano anene mosaopa.

“Mayi, awa ndi amuna anu omwe aja?”

Mayiwo sanayankhe msanga. Anayang'ana amuna awo, magalasi a ulusi, kolala, khosi. A Mavu sanawapatse chizindikiro chilichonse. Anangoima n'kumawayang'ana monga ankachitira masiku amenewo, kuyang'ana kuja kumene kunayambitsa mlandu wonse.

“Ndi omwewo, bwana. Makutu angawa akuchita kulira.”

Wachiwiri anafunsa chifukwa chimene achedwera kuyankha. Mayiwo anati ankadikira kuti wina awadule mawu, ndi chizolowezi cha m'banja. Komiti inaseka, kupatula Wachiwiri, ndipo inagamula kuti wantchitoyo wapezeka ndipo akhale pamalo pake. Za kachipinda ka pansi pa masitepe anati aziona pa msonkhano wina, umene mu ofesi yathu ndi dzina laulemu la manda.

Madzulo awiriwo anayenda limodzi kupita kokwerera basi. Mayi wotayipa, amene anali pambuyo pawo, akuti anamva zonse.

“Mtsempha sunadzuke,” anatero mayiwo.

“Ndikudziwa.”

“Ndiye amakuwa uja ndani?”

“Sindikudziwa, mayi. Ndinangomubwereka pakamwa.”

“Wabweza?”

“Wabweza.”

Mayiwo anati asaganize kuti nkhani yatha. Ananama pamaso pa mabwana chifukwa sakufuna munthu wokhala pabalaza, osati chifukwa akhulupirira za mpweyazo. Zaka zonsezi anali ndi mwamuna wovuta, koma ankamudziwa pamene wayambira ndi pamene wathera. Uyu sakumudziwa. Mwina ndi wabwino, aona. Koma munthu amene sumumva akubwera ndi wovuta kukhala naye nyumba imodzi.

“Geti lokha muzimenyetsa,” anatero, “kuti ndizidziwa kuti mwafika.”

A Mavu akadali pawindo. M'mawa uliwonse amalowa pansi pa masitepe, amatuluka, amatsegula windo, n'kuyamba kukuwa. Anthu ofika pa zitseko zathu ndi ambiri kuposa kale, ndipo chodabwitsa n'chakuti aliyense amagogoda chitseko choyenera, atanyamula zoyenera, pa nthawi imene mwini chitsekoyo alipo. Koma amafika akunjenjemera, monga dongosolo limafunira, ndipo palibe ndime yoimbira mlandu munthu amene akukuwa. Wachiwiri sanagonje. Nthawi zina amaima mu kolido, mutu atapendeketsa, akuyesa kumva chimene chalakwika m'phokosolo. Waitanitsa kale kalipentala kuti achotse mpando wa miyendo yokwanira uja, ndipo pempho lakelo likudikira chilolezo.

Kunyumba geti limalira madzulo alionse, kamodzi, mwamphamvu. Akazi awo amati tsiku lina anasuzumira pa katani kuti aone. Bambowo analikankha ndithu mpaka linalira, kenako analigwira ndi dzanja linalo kuti lisabwerere, n'kuima pamenepo kumvetsera chitsulocho mpaka chitatontholeratu. Mayiwo anabwerera pa mashini, ndipo podula nsalu anatseka pakamwa.